Zolemba za ntchito: kufufuza dzina la kachilombo ka matuza a m'manja, kumapazi ndi m'kamwa mwa akuluakulu

Kumayambiriro kwa Okutobala

Chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku chatuluka, ndiye bokosi la masampulo latsika mu firiza ya -80°C. Ndi zotsala za ma swab, timitengo ta thonje topaka pa chilonda kapena pakhosi, amene madokotala a khungu ndi a m'zipatala zing'onozing'ono kuno ku Britain anatumiza ku labotale, onse ochokera kwa anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Mayina anafufutidwa. Pa kabotolo kalikonse patsala nambala, msinkhu wa munthuyo, malo amene anapakapo swab, ndi mawu awiri atatu amene dokotala analemba pa fomu. Onse anayezedwa kale ndipo yankho linapita: kachilombo ka m'banja la enterovirus kapezeka. Ntchito yanga ikuyambira pamene yankho limenelo linathera. Ndikufuna kudziwa kuti ndi enterovirus uti, chifukwa m'banja limeneli muli mitundu yoposa 100 yogwira anthu, ndipo poliyo naye ali momwemo.

Kwa amene sanaionepo nthendayi, imene pa Chingerezi amati hand, foot and mouth disease, imayamba ndi kutentha thupi ndi kuwawa pakhosi, patatha masiku 3 mpaka 6 kachilombo katalowa. Kenako zilonda m'kamwa, timatuza m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, nthawi zina m'matako. Mwa ana ambiri imatha yokha pa masiku 7 mpaka 10. Si chigodola cha ng'ombe chija chimavuta ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ngakhale mayina awo a Chingerezi amafanana. Tizilombo take ndi ta fuko limodzi la Picornaviridae, koma ka ng'ombe ndi kena, ndipo nthenda ya anthuyi sichokera ku ziweto.

Ndisanatsegule kabotolo kalikonse ndayamba ndawerenga mafomu. Chandigwira mtima n'chakuti madokotala ambiri sankaiganizira n'komwe nthendayi. Wina analemba katsabola n'kuikapo chizindikiro cha funso, wina herpes, wina mpox, angapo chindoko. Sindikuwanena ayi. Chindoko chikafika gawo lachiwiri chimatulutsa zidzolo m'zikhatho ndi kumapazi momwemo, ndipo dokotala amene sangachiganizire pa munthu wamkulu ndiye amene walakwa. Koma taganizirani bambo wapabanja amene wauzidwa kuti akayezetse chindoko, n'kupita nawo mawu amenewo kunyumba kwa mkazi wake, pamene gwero la zonsezo ndi thewera la mwana wawo wa ku nazale. Mabuku amene tinaphunzira amati iyi ndi nthenda ya ana osapitirira zaka 5. Chiganizo chimenecho chikadali m'mitu ya anthu ngakhale zinthu zinasintha kalekale.

Pakati pa Okutobala

Masiku ano apita ndi kutulutsa RNA, chingwe cha zilembo za chibadwa cha kachilombo. Pa sampulo iliyonse ndimatunga mamaikulolita 140 a madzi amene swab inanyikidwamo, kuthira mankhwala oswa chikopa cha kachilombo, kusefa pa kasefa ka silica, kutsuka kawiri, n'kutsala ndi kadontho kosakwana kunyowetsa nsonga ya chala. Enterovirus alibe chokuta cha mafuta chimene HIV ali nacho, n'chifukwa chake ndi wolimba chonchi. Asidi wa m'mimba samupha, ndipo sanitaiza wa spiriti samuchita zambiri. M'manja pamafunika sopo ndi madzi, pa benchi kulorini. Koma RNA ikangotuluka m'chikopa mwake sichedwa kuwonongeka, ndiye machubu onse amakhala pa ayezi mpaka abwerere mu firiza.

RNA ya enterovirus ndi chingwe chimodzi cha zilembo pafupifupi 7,400. Chakumayambiriro kwake kuli chigawo chotchedwa 5'UTR chimene sichisiyana kwenikweni pakati pa mtundu wina ndi unzake. Makina a PCR a m'zipatala, amene amachulukitsa makope a chigawo cha zilembo mpaka chioneke, amafunafuna chigawo chimenecho, motero amagwira enterovirus aliyense koma satha kunena kuti ndi uti. Pa swab ya pakhosi nthawi zina amagwira ngakhale rhinovirus, wa chimfine uja, poti naye ndi wachibale wapafupi. Pothandiza wodwala wa lero yankho limenelo limakwana, chifukwa mankhwala opha kachilomboka palibe. Munthu amangopatsidwa zoziziritsa ululu ndi kumwa madzi ambiri. Koma pofuna kudziwa chimene chikuzungulira m'dera, yankholo ndi losakwana.

Ndabwereza PCR ya 5'UTR pa onse kuti ndione nambala ya Ct, imene ikakhala yotsika ndiye kuti kachilombo n'kochuluka. Kusiyana kwake kukuoneka poyera. Ma swab amene anapaka pa thuza lobooledwa kumene, madzi ake akadali momwemo, akutuluka ndi Ct yotsika bwino. A pakhosi ndi osakanikirana. Amene anapaka pa khungu louma, chilonda chitapola kale, ali m'ma 30 chakumtunda, ndipo ndikudziwiratu kuti amenewo andivuta. Masampulo a chimbudzi m'bokosili mulibe, ndipo sindikudandaula. Munthu amatulutsa enterovirus m'chimbudzi kwa masabata angapo atachira, ndiye kumupeza m'menemo sikutsimikiza kuti ndi amene wabweretsa matuza a lero. Ukamupeza m'madzi a thuza lenilenilo, palibenso mtsutso.

Kumapeto kwa Okutobala

Dzina la enterovirus lili pa VP1. Chikopa cha kachilomboka chimapangidwa ndi mapuloteni anayi, VP1 mpaka VP4, ndipo VP1 ndi amene ali poonekera kwambiri, pamene asilikali a m'thupi amagwira. Kale ankadziwa mtundu pomeretsa kachilombo m'maselo, n'kumakayesa ndi ma seramu osiyanasiyana otengedwa kwa akavalo mpaka apeze amene akukaletsa. Zinkatenga masabata, ndipo ma coxsackie A ambiri samera bwino m'maselo. Gilbert Dalldorf ndi Grace Sickles atapeza woyamba mu 1948, m'chimbudzi cha ana a m'tauni ya Coxsackie ku New York, anachita kubaya tiana ta mbewa tongobadwa kumene kuti amuone. Mu 1999 gulu la Steven Oberste ku CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, ku Atlanta linasonyeza kuti zilembo za VP1 zimatsata bwinobwino mitundu ija: tizilombo tiwiri tikafanana zilembo 75 kapena kuposa pa 100 zilizonse za VP1, ndiye kuti ndi mtundu umodzi. Kuyambira pamenepo akavalo ndi mbewa zinapuma.

Njira imene ndikutsatira inasindikizidwa mu 2006 ndi Allan Nix, Oberste yemweyo ndi Mark Pallansch. Poyamba RNA imasandutsidwa DNA ndi ma primer anayi, AN32 mpaka AN35, timene ndi tizidutswa ta DNA tosonyeza poyambira kukopera. Kenako PCR yoyamba ndi 224 ndi 222. Kenako umatapa pang'ono pa zimene zatulukazo n'kuchita PCR yachiwiri ndi AN89 ndi AN88, imene imatulutsa kachidutswa ka zilembo pakati pa 350 ndi 400. Ma primer amenewa anapangidwa mwadala kuti azilolera kusiyana kwa zilembo apa ndi apo, kuti agwire mtundu uliwonse ngakhale umene sunadziwikebe. Ubwino wake ndi womwewo, kuopsa kwake ndi komweko. Kutsegula chubu cha PCR yoyamba kuli ndi ngozi, chifukwa kampweya kosaoneka ndi maso kamene kangauluke kali ndi makope mamiliyoni. A supavaiza anga salola zachidule pamenepa: chipinda chosakaniza mankhwala ndi china, chothira masampulo ndi china, chotsegula machubu ndi chinanso, ndipo ukalowa chachitatu subwereranso choyamba tsiku limenelo. Gauni ndi ma pipette a chipinda chilichonse satuluka pakhomo.

Gel yoyamba, kaphala kolimba kamene kamasiyanitsa zidutswa za DNA malinga ndi kutalika kwake, ndaiona dzulo madzulo. Pa kuwala kwa buluu, m'mizere ya masampulo a matuza munali timizere tobiriwira toti ngwee, tonse pa msinkhu umodzi, pang'ono pansi pa chizindikiro cha 400. Mumzere wa madzi okhaokha, umene timaika kuti utiuze ngati pena padontha zosayenera, munali zii. Mzere umenewo ndi umene ndimayamba kuyang'ana, chifukwa ukangoonetsa kanthu, gel yonseyo ndi yotaya ngakhale ikongole bwanji. Ena a pakhosi atulutsa timizere tiwiri, kamodzi pamalo pake, kena chapansi, ndipo amenewo ndidula kachidutswa koyenerako ndi lumo pa gel ndisanatumize. A khungu louma aja ambiri sanatulutse kanthu.

Sabata yachiwiri ya Novembala

Zotsatira za Sanger, njira yowerengera zilembo za DNA, zabwera. Fayilo iliyonse imaonetsa mzere wa timitunda ta mitundu inayi, tobiriwira, tabuluu, takuda ndi tofiira, kamtunda kalikonse kuimira chilembo chimodzi. Zilembo zoyambirira zimakhala zosokonekera ndipo timadula. Pakati pake, sampulo ikakhala yabwino, timitundato timaima patalipatali, kalikonse pakokha. Ndinawerenga mbali zonse ziwiri za chidutswa chilichonse, kuziphatikiza, kenako kuponya mu chida cha pa intaneti cha RIVM, bungwe la zaumoyo la ku Netherlands, chotchulira mitundu ya enterovirus. Ndinabwerezanso ndi BLAST, pulogalamu yoyerekezera zilembo, pa GenBank, nkhokwe ya pa intaneti yosungira zilembo zoterezi, kuti mayankho awiri agwirizane.

Ambiri ndi coxsackievirus A6. Pali A16 owerengeka, ndi kakang'ono ka A10. Mtundu wina wa enterovirus wotchedwa EV-A71 sunaoneke m'gulu loyambali.

Amene amatsata nkhaniyi sangadabwe, koma kwa munthu amene anaphunzira m'mabuku akale ndi zachilendo. Nthendayi itafotokozedwa ku Toronto mu 1957, amene anapezeka anali A16, ndipo dzina lake lodziwika linachokera pa mliri wa ku Birmingham wa 1959. Kwa zaka makumi angapo nkhani inali ya A16 ndi EV-A71 basi. EV-A71 anapezeka koyamba ku California mu 1969, ndipo ndi amene amaopsa chifukwa amatha kufika ku ubongo, mwana n'kudzadza madzi m'mapapo n'kumwalira pa maola ochepa. Anapha ana ku Sarawak ku Malaysia mu 1997, anapha anthu 78 ku Taiwan mu 1998, ndipo mliri wa ku Fuyang mu 2008 unachititsa dziko la China kulamula kuti aliyense wopezeka ndi nthendayi azilembedwa. Akatemera amene China inavomereza mu 2015 ndi 2016 ndi a EV-A71 yekha. Sateteza ku A6 kapena A16. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene dzina lilili lofunika. Matuza akhoza kufanana, koma dera limene mukuzungulira EV-A71 liyenera kuchenjeza mawodi a ana usiku womwewo.

A6 anali wodziwika kale. Woyamba wake, amene timayerekezera naye onse, ndi kachilombo kotchedwa Gdula, ka ku America ka 1949. Koma ankamudziwa ngati wa zilonda za pakhosi mwa ana, osati wa matuza. Zinatembenuka mu 2008 ku Finland, kumene kunabuka mliri wa A6 umene unagwiranso akuluakulu, ndipo patapita masabata odwala ena zikhadabo zinayamba kusupuka. Mu 2011 unagwedeza Japan. Ku America, pakati pa Novembala 2011 ndi Febuluwale 2012, CDC inalandira malipoti a anthu 63 ochokera ku Alabama, California, Connecticut ndi Nevada, ndipo 15 mwa iwo anali akuluakulu. Mu 2015 ku Lackland ku Texas, kumene amaphunzitsira asilikali a m'ndege, kunadwala anthu 53, pafupifupi onse achinyamata ophunzira usilikali, opanda mwana wa ku nazale pakati pawo. Matuza a A6 sakhalanso m'malire a dzina la nthendayi. Amakwera m'mikono ndi m'miyendo, amazungulira milomo, amafika kumaso ndi m'mutu, ena amakula n'kukhala zimatuza zikuluzikulu, ena amada ngati magazi aundana pansi pa khungu. Munthu amene ali kale ndi eczema, nthenda ya khungu louma loyabwa, malo onse a eczema amadzadza, ndipo madokotala a khungu anazipatsa dzina lakuti eczema coxsackium chifukwa zimafanana kwambiri ndi herpes wogwera pa eczema, amene amafuna mankhwala a aciclovir mwachangu.

Dokotala wa khungu amene tikugwira naye ntchito anandionetsa chithunzi chimodzi chimene mwini wake analola kuti chiziphunzitsidwira. Chikhatho cha munthu wamkulu, chokhakhala ndi ntchito. Timatuza take si tozungulira ngati ta katsabola. N'totalikirapo, totuwa pakati, tofiira m'mphepete, ndipo togona motsata mizere ya m'dzanja. Pakhungu lokhuthala la m'chikhatho sitiphulika msanga, ndiye timangowawa. Anati odwala achikulire amadandaula kwambiri za mapazi, kuti kuponda pansi kumakhala kosatheka kwa masiku angapo, ndipo pambuyo pake khungu la m'manja ndi kumapazi limasupuka lonse.

Kumapeto kwa Novembala

Lamlungu ndinaimbira achemwali anga, amene ndi namwino kwathu. Nditawafotokozera zimene ndikuchita anandidula pakamwa: "Ndiye iwe, munthu wamkulu akabwera ndi matuza m'manja, ife tidziwa bwanji kuti si mpox?" Funso lawo ndi lomveka, poti mpox inatsimikizika ku Lilongwe mu Epulo 2025 ndipo aliyense wa zaumoyo maso ali pamenepo. Ndinawayankha zimene mabuku amanena: matuza a mpox ndi ozama, olimba, amakhala ndi kachiboo pakati, amabwera ndi mwanabere ndipo amatenga masabata awiri mpaka anayi, a katsabola amachuluka pachifuwa ndi kumsana, amayabwa ndipo amatuluka m'magulumagulu, a enterovirus ndi osaya ndipo amauma msanga. Iwo anati, "Zimenezo n'za m'buku, mphwanga. Ubwere udzaone pa benchi la odwala Lolemba m'mawa." Ndinavomera kuti akunena zoona, makamaka pa A6, amene matuza ake amatha kunamiza ngakhale katswiri wa khungu. Wokayikiridwa mpox ayenera kuyezedwa mpox, palibe kuchitira mwina. Chimene ndinawapempha n'chakuti azifunsa ngati m'nyumbamo muli mwana amene anadwala zilonda za m'kamwa sabata yapitayo.

Chikundikhalabe m'mutu ndi swab imene yatuluka yopanda mpox. Mwini wake amasangalala, ndipo n'koyenera, koma funso la chimene chinamudwalitsa limatsala. Ku Democratic Republic of Congo ofufuza anapeza kuti ambiri mwa oganiziridwa mpox anali ndi katsabola. Swab yomweyo, itasungidwa pozizira, ikhoza kuyezedwanso enterovirus popanda kumuvutitsanso wodwalayo.

Luso la VP1 si lachilendo kwa ife. Mwana wa zaka zitatu wa ku Lilongwe atapezeka ndi poliyo, boma n'kulengeza mu Febuluwale 2022, chimene chinauza dziko kuti kachilomboko n'kachibale cha kamene kankazungulira ku Pakistan ndi zilembo zake, zowerengedwa ku labotale ya boma ya NICD ku Johannesburg ndi ku CDC. Malabotale a poliyo amameretsa chimbudzi cha ana opuwala mwadzidzidzi pa maselo a mitundu iwiri, RD ndi L20B. Kachilombo kakamera pa RD pokha, amalemba NPEV, kutanthauza enterovirus amene si poliyo, ndipo pa ntchito ya poliyo nkhani yathera pomwepo. Koma ofufuza atabwerera ku ma NPEV osungidwa oterowo ndi ena a m'mayiko a mu Africa, anapezamo magulu a EV-A71 amene kunja kuno sankawadziwa, gulu E chapakati pa Africa ndi gulu F ku Madagascar. Ngakhale A16 woyamba weniweni, G-10, amene dziko lonse limayerekezera naye, anapezeka ku South Africa mu 1951. Ndipo mu Febuluwale 2025 nthendayi inabuka m'masukulu a ku Durban. Tizilomboti tili nafe. Chimene chimachepa ndi mayina ake m'kaundula. Pa GenBank, ukafuna ma A6 oti uyerekezere, umapeza mulu wa ku China, Japan ndi Ulaya, a ku Africa ochita kuwerenga.

Kupanda dzina kumabala mphekesera. Mu 2022 manyuzipepala anadzadza ndi nkhani ya chimfine cha tomato ku Kerala ku India, ena akuti ndi kachilombo katsopano. Ana awiri amene anabwerera nacho kuno ku Britain atayezedwa n'kuwerengedwa zilembo, anapezeka ndi A16 yemwe uja wa 1957.

Pakati pa Disembala

Kachidutswa ka zilembo 350 kamakwana kutchula mtundu, koma sikakwana kujambula ubale. Nditayesa kupanga mtengo wa chibale ndi tizidutswa timeneti, nthambi zake sizinali zodalirika. Ndiye pa ma A6 onse ndachulukitsa VP1 yathunthu, zilembo 915, ndi ma primer a A6 yekha. Ndafoletsa mizere ya zilembo ndi pulogalamu ya MAFFT, mtengo ndapanga ndi ya IQ-TREE, ndaikamo Gdula ndi ena a mayiko osiyanasiyana otengedwa pa GenBank. Anga onse agwera mu nthambi ya D3, imene yalamulira dziko lonse kuyambira cha mu 2008. Gdula ali payekha kutali, monga mwa kuyembekezera.

M'kati mwa D3 anga sanaunjikane pamodzi. Amwazikana m'timagulu, kena pafupi ndi a ku France, kena pafupi ndi a ku Asia, ndiponso osakanikirana ndi ochokera kwa ana. Izi zikundiuza kuti m'bokosi langa mulibe A6 wapadera wa akuluakulu. Amene akugwira bambo ndi yemweyo akugwira mwana.

Nanga n'chifukwa chiyani akuluakulu anayamba kudwala chonchi? Yankho limene ndinkalimva kawirikawiri ndi lakuti A6 sankazungulira kwambiri kale, ndiye akuluakulu a lero anakula osakumana naye. Likumveka bwino, koma ofufuza a ku Oxford atayeza magazi osungidwa a anthu a kuno a mu 2006, 2011 ndi 2017, anapeza kuti ambiri anali kale ndi chitetezo cha A6 nthenda ya matuza akuluakuluyi isanabuke, ndipo chiwerengerocho sichinasinthe kwenikweni m'zaka zimenezo. Ngati anthu sanasinthe, maso ayenera kutembenukira kwa kachilomboko.

Pamenepa ndi pamene VP1 imathera mphamvu. Ma enterovirus awiri akalowa mu selo limodzi m'matumbo a munthu, puloteni yokopera RNA, yotchedwa 3D, imatha kuyamba kukopera pa wina n'kudumphira pa mnzake. Chotuluka chimakhala ndi chikopa cha A6 koma chigawo chakumapeto, chimene chimayendetsa kuswana kwa kachilombo ndi kulimbana ndi chitetezo cha selo, ndi cha wachibale wina. Zili ngati minibasi imene bodi, penti ndi nambala n'zomwe zija koma injini anaikamo ya galimoto ina; wapolisi wa pamsewu akayang'ana nambala aona galimoto yomwe ija. VP1 ndi nambalayo. Mu 2015 ofufuza a ku Edinburgh, atawerenga chigawo cha 3D cha ma A6 ambiri, anawagawa m'magulu a kusakanikirana kotereku n'kuwapatsa zilembo kuyambira RF-A mpaka RF-H, ndipo anaona kuti ma A6 a matuza achilendowa onse anali osakanikirana, osiyana ndi Gdula chakumapetoko. Kuti kusakanikirana kumeneko ndi kumene kunabweretsa matuza akuluakulu, umboni wake sunakwane, ndipo sindilemba choncho mu lipoti langa. Koma ndi funso loyenera kulithera ndalama, ndipo silingayankhidwe ndi munthu amene anaima pa VP1.

Ndinakambirana ndi a supavaiza za kuwerenga chingwe chonse. Iwo amaona kuti kuwerenga 3D yokha ndi Sanger n'kotchipa ndipo kukwanira digiri. Ine ndinapempha MinION ya Oxford Nanopore, kachipangizo kokwana m'dzanja kolumikiza pa laputopu, chifukwa kamawerenga chingwe chachitali kamodzin'kamodzi. Ukawerenga VP1 payokha ndi 3D payokha, pa sampulo imene muli tizilombo tiwiri ukhoza kulumikiza mutu wa wina ndi mchira wa wina n'kulengeza kusakanikirana kumene kulibe. Ndili ndi sampulo ya pakhosi imene timitunda take ta Sanger tikukwerana tiwiritiwiri kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, chizindikiro chakuti muli awiri. Nditawaonetsa fayilo imeneyo anavomera, koma anati ndisankhe a Ct yotsika okha, asapitirire amene angakwane pa flow cell imodzi, kambale ka MinION kothirapo masampulo.

Kumayambiriro kwa Januwale

Labotale yatsegulidwanso. Pa tchuthi ndinayesa kulumikiza zilembo ndi zimene zinalembedwa pa mafomu, ndipo apa ndi pamene ntchito yagwira njakata. Ndili ndi VP1 yoyera bwino ya munthu amene fomu yake imangoti zidzolo. Sinena tsiku limene zinayamba, sinena ngati zafika kumaso kapena m'miyendo, sinena za eczema, za mwana m'nyumba, za ntchito ya munthuyo. Mphunzitsi wa ku nazale ndi woyendetsa lole sangaikidwe pa mzere umodzi, koma pa tebulo langa onse ndi nambala ndi msinkhu basi. Za zikhadabo ndiye palibe fomu ngakhale imodzi, ndipo m'pomveka, poti zimasupuka patapita mwezi kapena iwiri, swab itapita kalekale. Chikhadabo chimaleka kukula kwa kanthawi pamene munthu akudwala, ndiye chimayamba ndi kamzere kopingasa patsinde, kenako chakalecho chimanyamuka kuchokera kumbuyo chatsopano chikumera pansi. Sichiwawa ndipo chimamera bwinobwino, koma munthu amene sanachenjezedwe amathamangira kukagula mankhwala a mafangasi n'kumwa miyezi yambiri pachabe.

Ndiyeneranso kulemba momveka mu lipoti kuti bokosi langa si chithunzi cha akuluakulu onse. Ambiri amene amatenga enterovirus sadwala n'komwe, ena amangomva pakhosi n'kupitiriza ntchito uku akupatsira anzawo. Amene amafika kwa dokotala wa khungu mpaka kupakidwa swab ndi amene zinawavuta kwambiri. Ndiye ndikanena kuti ambiri ndi A6, ndikunena za odwalitsitsa. Kuno nthendayi si ya m'gulu la zolengezedwa ku boma, choncho palibe kaundula wa onse woti ndiyerekezere naye. Bungwe la ENPEN, limene limalumikiza malabotale a ku Ulaya pa ma enterovirus amene si poliyo, limalimbikitsa kutchula mitundu powerenga VP1, ndipo ine ndingawonjezere kuti swab iliyonse ya munthu wamkulu wa matuza iziwerengedwa, isamadikire wofufuza wa digiri kuti adzaifukule mu firiza.

Ndalemba fomu yatsopano ya tsamba limodzi ya masampulo amene azibwera kuyambira pano. Ili ndi chithunzi cha thupi choti dokotala azingochonga pamene pali matuza, tsiku loyamba kudwala, eczema, mwana wodwala pakhomo kapena kuntchito, ndi bokosi lopempha chilolezo choimbira wodwalayo foni pakatha miyezi iwiri kuti timufunse za zikhadabo. Pamwamba pake ndalemba ndi zilembo zazikulu kuti aboole thuza latsopano n'kupaka pansi pake, asapake pa nkhanambo. Kusintha kumeneku kukufunika chilolezo china cha komiti, ndipo pempholo lapita. Flow cell yafika ndipo ili mu firiji. Siyenera kuuma ndi ayezi. PCR yaitali yochulukitsa chingwe chonse m'zidutswa zikuluzikulu zolowerana yagwira pa masampulo a matuza, koma pa a pakhosi ikutulutsa chifunga chokhachokha pa gel, ndiye mawa ndiyesa kutalikitsa nthawi yosandutsa RNA kukhala DNA ndi kuchepetsa RNA yolowetsa. Zilembo za VP1 zimene zatsimikizika ndikuzikonza kuti zipite ku GenBank mwezi uno, chilichonse ndi chaka chake, msinkhu wa wodwala ndi malo amene swab inapakidwa.